Tsinde Lopanda Msoko

Kugombe, kumadzulo kwa Kepitawuni
14 Januwale 2024

Amayi anaMbewe,

Ndayamba ndi moni waulemu kwa inu, kwa mwana wanga Pilira ndi kwa onse pamudzi. Ndikhulupirira mvula ikugwa bwino ndipo miyendo yanu yalekako kupweteka. Ine ndili bwino, kungoti zala zang'ambika ndi madzi amchere.

Mudabwa kuona mkamwini akulembera apongozi ake. Zaka zonse zimene ndakhala pa Mphunzi sitinakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira ya kudimba inu munkapatukira kuudzu, ine n'kuyang'ana kumapiri, ndipo mawu athu ankadzera mwa mwana wanu Bernadetta. Tsopano Bernadetta ali kumanda, wopititsa mawu palibe. Foni ya pakhomo ili m'thumba mwa alamu a Collins, ndipo ndikaimba, Pilira amakhala kuti wapita kumadzi, kapena wagona, kapena ali kutchalitchi. Ndiye ndaona kuti ndizilemba papepala. A Zikhalo, amene amanyamula katundu wa anthu a ku Joni, azikusiyirani pa Chimbiya.

Alamu, ndikudziwa kuti wowerenga ndinu. Muwawerengere amayi zonse, musadumphe mzere.

Ntchito ndinaipeza. Timadula ndere za m'nyanja. Musaganize ndere zoterera za pachitsime zija. Izi ndi zazitali ngati mabulugama ang'onoang'ono, ndipo phesi lake ndi lamphako, n'chifukwa chake kuno amazitcha nsungwi za m'nyanja. Mizu yolowa m'dothi zilibe. Pansi pake pali tsinde lokhala ndi zala zambirimbiri zimene zimagwira mwala. Madzi akaphwa timalowa ndi boti n'kumadula masamba okha ndi chikwakwa, kuti ziphukenso. Masambawo amadyetsa nkhono zimene amaweta m'matanki n'kumagulitsa kunja. Munthu wa ku Bembeke, woti sanaonepo madzi oposa damu, lero akumweta udzu pamwamba pa mafunde. Bernadetta akanaseka.

Ndatumiza nsapato za sukulu za Pilira, mafuta ophikira, sopo ndi mpango wanu. Nsapatozo ndagula zokulirapo dala kuti akule nazo.

Mbatatesi ya kumunda ipoperedwe chiwawu chisanalowe. Ndiponso pichesi wa pakhomo uja, amene ndinamezanitsa chaka chimene Pilira anabadwa, mumuyang'anire. Tsinde lake ndi la mtengo wanu wakale, nthambi ndinakatenga kwathu. Mphukira zotuluka pansi pa chipsera muzichotsa, chifukwa zikasiyidwa zimalanda mtengo wonse.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Ndinachoka mwambo wondisudzula usanachitike. Ndikudziwa kuti mkazi akamwalira mkamwini amapatsidwa khasu ndi mphasa yake n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kwa eni mbumba. Musachite zimenezi ndili kutali. Pilira ndi yekhayo amene ndatsala naye.

Ndine mkamwini wanu,
Gervazio


25 Febuluwale 2024

Amayi,

Moni kwa nonse. Kalata ya alamu ndalandira, ndipo ndathokoza kumva kuti muli bwino ndi kuti chimanga chamasula. Ine ndilipo. Kuno ndi nyengo yotentha, koma madzi a m'nyanja ino sadziwa zimenezo, amazizira mpaka m'mafupa.

Pali mawu ena m'kalatamo amene sindinawamvetse. Mwati nsapato zamuthina Pilira. Amayi, ine ndinagula zokulirapo. Phazi la mwana lingakule chotere pamwezi umodzi? Kapena zinayesedwa paphazi lina? Sindikutchula munthu. Ndikungofunsa, chifukwa pamudzipo ana ovala nsapato alipo angapo.

Ndamvanso kuti sakuoneka kusukulu, akulera khanda la alamu. Anandiuza ndi Kenan, mnzanga wa ku Linthipe amene timagona chipinda chimodzi. Mkazi wake amagulitsa tomato pa Chimbiya ndipo palibe chimene chimamudutsa. Akuti nyumba yathu ndi yotseka, ndipo pampu yopalasa ija, imene tinagula ndi Bernadetta, ili pakhonde pa alamu. Ngati mwaisunga kuopa akuba, zikomo. Koma mwana abwerere kusukulu. Wolera khanda la alamu apezeke wina.

Kuntchito kwabwera mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Nomsa, ndi bokosi la timabotolo. Anthu sakumukhulupirira. Kenan akuti, "Ameneyu ndi wa boma, achimwene. Lero akuwerenga ndere, mawa awerenga mapasipoti." Kapitawo wandipereka ine kuti ndizimuthandiza, poti ndinafikako Fomu 2 ndipo Chingerezi ndimamvako.

Ntchito yake ndi yosiyana ndi yathu. Iye safuna masamba. Amafuna ndizule tsinde lonse pamwala ndi chitsulo. Tsinde limodzi limatha kukhala ndi mapesi awiri, atatu, ngakhale kuposa. Paphesi lililonse amadulapo kachidutswa n'kuika m'kabotolo kakekake. Ndinamufunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Anati akufuna adziwe ngati chomeracho ndi chimodzi kapena zingapo. Ndinati, "Mayi, tsinde ndi limodzi, mukuliona nokha." Anaseka, nati, "Maso anganso akutero, Tata, koma ndikufuna ndifunse mkati."

Sindinamukhulupirire. Munthu sangachoke mumzinda kudzazizidwa kuno chifukwa cha funso lotere. Za mapepala anga sindimuuza kanthu, ngakhale dzina la mudzi.

Mafuta ophikira akwera mtengo kunonso, ndiye ulendo uno ndatumiza botolo laling'ono. Muli makope ndi mapensulo a Pilira. Mumuuze alembe yekha, ngakhale mizere iwiri, aike m'kalata yanu. Dzanja lake ndimalidziwa.

Gervazio


7 Epulo 2024

Amayi,

Ndikupereka moni wa Pasaka, ngakhale wachedwa. Ndikhulupirira munapemphera bwino. Ine ndinapita ku Misa kutauni, koma nyimbo zake sindinazidziwe, ndinangokhala.

M'kalata yanu munalibe dzanja la Pilira. Munali mawu a alamu okha, onena kuti akuluakulu agwirizana zondisudzula mukangokolola, ndipo ngati sindingabwere achimwene anga a ku Bembeke adzandiimire. Ndawerenga kangapo. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo ndi chomwecho chimene chafulumira. Chiliza cha Bernadetta sitinamange n'komwe. Chathamangitsa anthu n'chiyani? Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yokonza madimba, ndipo dimba lathu lili pamadzi abwino. Ngati nkhani ndi imeneyo, alamu alime chaka chino, sindikuletsa. Sipafunika kuchotsa munthu pamudzi kuti kabichi amere.

Achimwene ndawauza kuti asapite. Musawadikire.

Ndikuuzeniko za kuntchito, poti nazonso zandikhala m'mutu. Nomsa anapita ndi timabotolo take ndipo wabwerako. Si wa boma ayi, Kenan ananama. Anandikhazika pamwala n'kundifotokozera. Akuti chamoyo chilichonse chili ndi chizindikiro cha makolo ake m'thupi, chimene amachiyeza ngati mmene amayezera akafuna kudziwa bambo wa mwana. Pamatsinde amene ndinazula, ena anapezeka kuti mapesi ake ndi a makolo osiyana. Phesi ili la kwina, ili la kwina, koma tsinde limodzi.

Akuti mbewu zake ndi zazing'ono zosaoneka ndi maso, zimayandama m'madzi. Ziwiri zikagwera pafupi pamwala zimamera moyandikana, zala zake n'kuyamba kulowana. Poyamba zimangogundana. Kenako khungu la pakati limatha, mnofu n'kukhala umodzi. Akuti kumaiko ena anazipeza kale zimenezi, iye akuona ngati zilinso kuno.

Ndinati ndiye ndi kumezanitsa kumene timachita ndi mapichesi. Anati inde, koma uku palibe wogwira mpeni, zimachita zokha. Ndinati pichesi amasiya chipsera, munthu umatha kuloza kuti apa ndi pamene mlendo anayambira. Anandipatsa mpeni wake, nati, "Lozani." Ndinadula tsindelo pakati. Ndinadulanso cham'mbali. Ndinalitembenuza, ndinaliyang'anitsa padzuwa. Amayi, msoko sindinaupeze. Iye akuti ndi galasi lake lokulitsa zinthu nthawi zina amaona kamzere, koma pena pake ngakhale makina amapeza zizindikiro ziwiri zitasakanikirana pamalo amodzi.

Ndinamufunsa kuti ukafuna kuchotsapo chimodzi umatani. Anati, "Mungadule phesi. Koma za m'tsindemo simungazitolenso."

Sindikufanizira ndi kanthu. Ndikungokuuzani za ntchito.

Mbatatesi mukakumba, musagulitse yonse kwa mavenda a pamsewu. Yaing'onoing'ono musunge ya mbewu, pamalo opita mphepo. Ndatumiza juzi ya Pilira, poti kuzizira kwayandikira. Iyi ndalembapo dzina lake mkati ndi ulusi.

Gervazio


19 Meyi 2024

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Lamulungu lapitali ndinaimba foni. Alamu anayankha osandipatsa moni. Anati, "Inu mukudziwa chimene mwachita kumeneko." Ndinati sindikudziwa. Anati, "Chithunzi tachiona. Mudzi wonse wachiona."

Ndafufuza, ndapeza. Kenan anandijambula ndili pamwala ndi Nomsa, titagwira tsinde limodzi awiri chifukwa linali lolemera. Anatumizira mkazi wake n'kulembapo kuti achimwene agwira dokotala wa ndere. Nditamufunsa anati, "Aaa, inali nthabwala chabe. Komanso mukuoneka bwino, mukuseka. Chikhalireni kuno ndinali ndisanaonepo mano anu." Tsiku limenelo sitinadyere limodzi.

Amayi, mtsikanayo ndi msinkhu wa mlongo wanga wamng'ono. Amanditcha Tata, ndiye kuti bambo. Ndinkaseka chifukwa nkhanu inatuluka m'tsindemo n'kumulowa m'malaya. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Koma ine ndili ndi mafunso anga. Pamene alamu ankalankhula, kumbuyo kwawo kunali munthu akutsokomola. Ndinafunsa kuti ndani. Anati ndi mwana wa aneba. Ndinati mundipatse Pilira. Anati foni yatha moto, n'kudula. Foni yotha moto imayamba yadziwitsa mwini wake mawu asanathe?

Funso lachiwiri ndi la malaya. A Zikhalo andiuza kuti mwawatuma kuti abwere ndi malaya anga akale, ovalavala, ndipo asachapidwe. Akuti alamu akufuna malaya ogwirira ntchito kumunda. Alamu ndi aakulu thupi kuposa ine, malaya anga sangawakwane ngakhale mkono. Ndipo munthu wofuna chovala amapempha chochapa. Ine ndinakulira kumudzi, ndikudziwa kumene malaya a thukuta amapita. Ndinu a mphakati, Amayi, mumatsogolera kolona. Sindikufuna kukhulupirira kuti mawu amenewa anachokera pakamwa panu. Ngati pali wina akufuna kuti ndiiwale njira ya kwathu, kapena mtima wanga uchoke pa mwana, adziwe kuti ndazindikira.

Malaya sinditumiza. Ndatumiza shuga ndi mabulangete awiri, limodzi lanu, limodzi la Pilira.

Alamu, ngati mwadumpha ndime ya malayayi, ndidzadziwa.

Gervazio


9 Juni 2024

Amayi,

Moni. Za umoyo wanga zisiyeni, ndilembe za mwana.

Lero ndinapita kumene a Zikhalo amapakira katundu. Anandikokera kuseri kwa lole, nati, "Bambo a Pilira, ine ntchito yanga ndi kunyamula katundu, osati nkhani. Koma iyi yandilemera." Akuti ulendo wathawu sanasiye mabulangete pa Chimbiya, anafika nawo pakhomo okha. Anamuona Pilira atakhala padzuwa. Akuti waonda, mapazi atupa, akutsokomola, ndipo m'khosi muli kachingwe ka mankhwala. Akuti zinayamba mvula isanathe.

Ndiye nsapato zija zinamuthinadi. Ine ndinkawerenga ana a alamu, pamene mwana wanga mapazi akutupa.

A Zikhalo andiuzanso zimene munawauza mukulira. Akuti mukuti ndi tsempho. Akuti ine ndagona ndi mkazi kuno ndisanasudzulidwe, ndiye ndamudula mwana. N'chifukwa chake munafulumiza mwambo, kuti mumasule mwanayo. N'chifukwa chake asing'anga anafuna malaya. Ndipo chithunzi chija chitafika munati umboni ndi umenewu. Simunandiuze poopa kuti ndikana, komanso poti si nkhani yoti mpongozi n'kufunsa mkamwini.

Ndiye ndiyankha ngakhale simunafunse, ndipo alamu awerenge mokweza. Chichokereni Bernadetta sindinakhudzepo mkazi. Ndikunena pamaso pa Mulungu ndi pamanda ake. Kumbali imeneyo mwana sanadulidwe ndi ine.

Tsopano mundimvere. Kumbukirani mmene Bernadetta anayambira. Kutsokomola kosatha, kutuluka thukuta pogona, kuonda, kukana chakudya. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo tinafika mochedwa. Miyezi yonse ija ndani ankagona pambali pake? Ndani ankamupatsa madzi ine ndili kumunda? Anamwino ananena kuti a m'nyumba tonse tikayezetse. Ine ndinayezetsa pobwera kuno. Mwana sanapite, chifukwa maliro anatisokoneza tonse.

Ndaimba foni kwa alamu, sakuyankha. Ndiye ndaimbira a Veronika, alangizi a zaumoyo a kwathuko, ndipo alonjeza kufika pakhomo mawa. Kalatayi idzakupezani iwo atabwera kale. Chonde musawabisire mwana. Apite naye kuchipatala ku boma akamuyeze makhololo ndi pachifuwa. Ya minibasi ndatumiza pafoni ya a Veronika.

Malaya aja ndawapatsa a Zikhalo, osachapa, monga munafunira. Asing'anga achite nawo zimene akufuna. Sindikulimbana ndi mwambo. Koma mankhwala awo asalowe m'malo mwa chipatala, ayende pambali.

Ndinafuna kukwera lole yomweyi. Kapitawo akuti ndikachoka nyengo ino isanathe, malo anga apatsa wina, ndipo mwana wodwala adzafuna mazira ndi mkaka kwa miyezi yambiri. Ndatsala. Sindikudziwa ngati ndachita bwino.

Mumuuze kuti atate ake akudziwa tsopano.

Gervazio


14 Julaye 2024

Amayi,

Moni kwa inu ndi kwa onse. Ndathokoza Mulungu pa zimene a Veronika andiuza, kuti anachipezadi chifuwa chija ndipo mankhwala anayamba. Dzulo ndinamva mawu a Pilira koyamba chaka chino. Anati, "Ababa, mapiritsi ake ndi akuluakulu ngati nyemba." Kenako anafunsa ngati kunyanja kuli ng'ona. Ndinamuuza kuti kulibe.

Mankhwalawo asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale aoneke kuti wachira. Ndi a miyezi isanu ndi umodzi. Nkhuku zisagulitsidwe, mazira ake azidya iyeyo. Inunso mukayezetse, Amayi, poti mwakhala mukugona naye.

Ndamva kuti alamu ndi amene anamubereka panjinga mpaka pamsewu, ndipo anagona pakhonde la chipatala masiku onse amene anagonekedwa. Alamu, zikomo. Pa nsapato paja ndinakuganizirani molakwa. Za pampu ndi dimba tidzakambirana ndikabwera, chifukwa kabichi ndamva kuti wamera ndithu.

Kuno kwadutsa namondwe. Sabata yathunthu sitinalowe m'madzi, ndipo gombe lonse ladzaza ndere zozuka, mulu wake kufika m'chiuno. Nomsa anali atamanga timapulasitiki pa matsinde ena kuti aziwatsatira. Nyanja itadekha tinapita kukaona. Ambiri a phesi limodzi anapita. Ophatikana aja ambiri tinawapeza, ena atathyoka phesi limodzi koma tsinde lili gwa pamwala. Iye akuti asafulumire kunena, chaka chimodzi sichikwanira, mwina ndi malo chabe amene anamera. Koma akuganiza kuti tsinde la awiri limakula msanga ndipo limagwira mwala ndi zala zambiri.

Ndinamuuza za chithunzi chija ndi zimene chinachita kwathu. Anagwira pakamwa. Kenako anakamupeza Kenan n'kumulalatira m'chilankhulo chawo mpaka kapitawo anatuluka mu ofesi. Kenan akuti sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma zonse zinamveka. Wagula mkaka wa ufa wa Pilira, uli m'katunduyu. Mulandire, ndi kupepesa kwake.

Tsopano mawu amene munatuma a Veronika. Akuti mwakhulupirira zimene ndinalumbira, koma mwambo uchitikebe. Akuti ndine mwamuna wamng'ono, tsiku lina ndidzafuna kukwatira, ndipo simukufuna kudzakhalanso ndi mantha amenewa mwana akadzangotsokomola. Ndamva, ndipo sindikunena kuti mwalakwa. Koma palibe amene wandiuza kuti ndikalandira khasu ndi mphasa, Pilira ndizidzamuona bwanji. Ngati mlendo wobwera Loweruka ndi kapaketi ka shuga? Ndafunsa alamu, akuti akuluakulu ndi amene adzanene. Akuluakulu ake ndi ati, poti mwini mbumba ndi iwowo?

Gervazio


25 Ogasiti 2024

Amayi,

Moni. Ndasangalala kumva kuti Pilira wayamba kuvala nsapato zake ndipo zikukhwepa monga ndinagulira. Ndamvanso kuti pichesi wachita maluwa. Ine ndili bwino.

Ndikubwera. Kapitawo wandipatsa mwezi umodzi, ndipo ndikwera ndi a Zikhalo ulendo wawo wotsatira. Uzani akuluakulu akonze tsiku. Achimwene a ku Bembeke adzabwera kudzamvera, koma wondiimira safunika, ndidzakhala pamphasa ndekha.

Mwambo ndaulola. Mundimasule kwa Bernadetta monga mwa malamulo ake, kuti mtima wanu ukhale pansi. Iyenso sakanafuna kuti muzigona ndi mantha. Khasu ndidzalandira, mphasa ndidzalandira. Dimba ndi la mbumba yanu, sindidzalitchula. Pampu alamu agwiritse ntchito, azingopatsako mwana ndiwo.

Koma ku Bembeke sindipita. Ndikupempha pamaso pa onse kuti mundisiye m'nyumba imene ndinamanga, pafupi ndi mwana, ndikhale ngati mwana wanu. Zinachitikapo m'midzi ina, akuluakulu akudziwa. Ndikadzabwerera kuno kuntchito, pobwera ndizifikira pakhomo pomwepo. Ndalemba zimenezi poyera kuti pasadzakhale wonena kuti ndamudzidzimutsa. Alamu, muli ndi masabata okwanira oti mukonze zoyankha.

M'chikwama changa muli chinthu chimene a pachipata cha m'malire angadabwe nacho. Ndi tsinde la ndere, ndaliumitsa padenga. Nomsa analiyeza, ndi la makolo awiri, ndipo wandilola kulitenga. Lauma gwa ngati muzu wa nsungwi ndipo likununkha nyanja, mundikhululukire. Pilira anafuna kuona chimene atate ake amadula.

Akadzatha kuliona, ndidzaliika pamphasa patsogolo pa akuluakulu, pamodzi ndi mpeni wanga womezanitsira. Pogawa katundu adzanena kuti ichi n'cha mkamwini, ichi n'cha pamudzi, ndipo sindidzatsutsa. Akadzafika pa mwana, ndidzapempha alamu atenge mpeniwo andilozere pamene chomera chimodzi chathera ndi pamene chinzake chayambira. Asafulumire, dzuwa lidzakhalapo. Akadzapapeza, ndidzanyamula mphasa yanga tsiku lomwelo.

Inu Amayi, tsiku limenelo musadzapatukire kuudzu. Mudzakhale pafupi, mulione nanunso.

Ndine mwana wanu,
Gervazio